Dothi Lopita ku Kepi

Anthu a ku Mphunzi akapita ku Joni amaitanitsa zinthu zomveka: nyemba, usipa, mtedza, mwina ufa woyera woti azikumbukira kwawo. Damiano Zikhalo yekha ndiye adaitanitsa dothi. Mlongo wake wamkulu, Magadalena, atamva zimenezi pafoni adayesa netiweki yameza mawu ena, ndiye adakwera pachulu n'kufunsanso. Yankho lidabwera lomwelo.

"Katondo wa kuseri kwa phiri uja, achemwali. Kajumbo kamodzi basi. Mumpatsire Zondiwe akamabwera."

Zondiwe ndi dalaivala wa lole, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi kumeneko.

"Katondo wa chiyani?"

"Ndi za ntchito."

Timawu timeneti tidamsowetsa mtendere Magadalena kwa zaka.

Damiano ndi mzime wa a Nambewe, ndipo bambo ake adamwalira iye akadakwawa. Adakulira kumsana kwa Magadalena, mayi awo ali kudimba kulimbana ndi mbatata ya kachewere. Khasu lidamukana kuyambira ali wamng'ono. Akamutuma kubusa ankakalowa m'mapanga muja muli zithunzi za anthu akale, n'kukhala kukamwa kuli yasa, mbuzi zikudya chimanga cha eni ake. Adakwapulidwapo kutchalitchi atajambula bulu ndi khala pakhoma lopaka laimu, ndipo omukwapulawo adavomereza pambuyo pake kuti buluyo adafanana ndithu. Adadzikhomera banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga, ndipo ankaiimbira kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba.

Koma chomwe chidamupweteka mtima si chikwapu. Mayi ake akamazira nyumba, iye ankakhala nawo pansi n'kumasakaniza dothi lozirira, katondo apa, makande apa, phulusa pang'ono, kenako n'kumalemba mizere ndi madontho m'munsi mwa khoma. Kuzira ndi ntchito ya amayi. Anyamata anzake atamupeza manja ali matope okhaokha adamutcha Nachiziro, ndipo dzinalo lidamumatirira mpaka ndevu kumera. Kuyambira pamenepo adaphunzira kuchita zinthu zake mobisa, ndipo pakamwa pake padauma.

Sukulu adaisiyira panjira. Adakhalako pa Chimbiya akulemba mayina a magolosale ndi malo ometera, mpaka tsiku lina adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'kukwera lole ya Zondiwe. Adakathera ku Kepi, komwe dziko limathera m'madzi, ndipo adapeza ganyu yopenta nyumba. Zaka zoyamba ankaimba foni mwa apo ndi apo, mawu ake ozizira. Ukamufunsa za kumeneko ankati kuli mphepo, mchenga woyera ndi makoma oyera, basi.

Katondo uja Magadalena adatumiza akuseka. Patapita miyezi Damiano adafuna dothi loyera la kudambo. Kenako makande a kudimba. Kenako mwaye wa kudenga la khitchini ya mayi awo, ndipo adanenetsa kuti ukhale wa khitchini imeneyo, osati ina. Apa kuseka kudatha. Nthawi yomweyo katundu adayamba kubwera kuchokera ku Kepi: malata a nyumba ya a Nambewe, sola, ndi foni yatsopano ya Magadalena, ija yogwira ndi chala pagalasi.

Mwamuna wa Magadalena, a Levison, ndi mkamwini wa maso akuthwa, amene amaona chilichonse pamudzi kupatula udzu wa m'munda mwawo. Adayang'ana malatawo akunyezimira padzuwa, n'kupukusa mutu.

"Chikomekome cha mkuyu, amake Rute. Openta nyumba apita angati kumeneko? Ndani mwa iwo wafolera nyumba ya mayi ake? Ife tikutumiza mwaye, kukubwera malata. Msika umenewu ndi wa kuti?"

"Ndi mlamu wanu ameneyo, musamunenere zoipa."

"Sindidanene kanthu ine. Ndangofunsa."

A Levison sanenadi kanthu, amangofunsa, koma mafunso awo amakagona nawe pamphasa. Kuno aliyense amadziwa zomwe amanena za munthu wokhwimira chuma: sapereka mlendo ayi, amapereka wa magazi ake enieni, mayi ake kapena mwana wa mlongo wake. Magadalena ali ndi mwana mmodzi yekha, Rute. Ndi Mkatolika wa kolona m'khosi, sajomba kumphakati, koma mantha sasankha mpingo. Adayamba kuwayang'anitsitsa awiriwo, mayi ndi mwana, m'mawa uliwonse, monga achitira mwini anapiye mphamba ikazungulira.

Adayesa kumufufuza Zondiwe tsiku lomwe adamupatsira mwaye. Adamugulira chimanga chootcha kuti pakamwa pamasuke, ndipo padamasukadi.

"Mlongo wanu ndi munthu wabwino, mayi, koma sindimumvetsa. Amakhala yekha m'kachipinda kuseri kwa galaja. Mkazi alibe, mowa samwa, kumpira sapita. Katundu amalandirira panja. Ulendo wina chitseko chidatseguka ndi mphepo, ndidangoona timabotolo tandandalika pansi, tina tofiira, tina takuda. Adatseka msanga."

"Simudafunse?"

"Ine ndimanyamula, sindifunsa. Ndikamafunsa zomwe zili m'zikwama za anthu sindingagone."

Nkhani siikhala pamodzi. Posakhalitsa a Agnesi, omwe dimba lawo lidachita malire ndi la Magadalena, adayamba kumuperekeza ndi maso akamadutsa, ndipo tsiku lina adamufunsa mosekaseka ngati makande aja adawatapa mbali yake kapena ya eni. Chaka chimenecho kachewere wa a Agnesi adagwidwa ndi chiwawu, monga adagwidwira wa anthu ambiri, koma moni wawo udafupika.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankatekeseka: mwini mwana. A Nambewe adangoseka Magadalena atawazungulira nayo nkhaniyo.

"Ameneyo ndi wa matope chibadwire. Mtumizire."

Koma mumtima Magadalena adati mayi ndiye amakhala womaliza kuona. Za Nachiziro ankazikumbukira ndithu. Koma munthu wandevu, wokhala m'dziko la penti wa mitundu yonse, angalipire lole kuti imubweretsere matope osewera? Zimenezo mutu wake udazikana.

Kenako Damiano adasiya dothi n'kuyamba kupempha mawu. Adati foni yatsopanoyo imatepa, choncho amutepere belu la tchalitchi, mvula ikugwa pamalata, makasu akulira m'munda. Magadalena ankachita mozembazemba, kuopa kuti anthu angamuone akuloza foni kumunda kwa eni. Pomaliza Damiano adapempha nyimbo ya pamtondo ya mayi awo.

Nyimboyo a Nambewe adapeka okha kale, chigayo chisanafike, ndipo ankatchulamo ana awo mmodzimmodzi. Atamva kuti mwana wawo akuifuna adasangalala ngati namwali. Adathamangitsa nkhuku yomwe inkaikira mumtondo, n'kuupukuta, n'kuthiramo chimanga pang'ono kuti musi ulire bwino. Mawu awo adali okalamba koma osasweka.

"Lira musi, lira,
akumve a kutsidya,
Magadalena wanga wakula,
wanyamula khasu la atate ake,
lira musi, lira."

Atafika pa Damiano mpweya udawathera. Adatsamira musi akuseka.

"Za Damiano mawa. Mawu akale aja ndi a kamwana koyamwa. Ndimuikira ena, a munthu wa paulendo."

Magadalena adatumiza theka limenelo. Sabata isanathe Rute adagwidwa ndi malungo. Adachira atamwa mankhwala, monga achirira ana ena, koma a Levison adali nalo funso.

"Adayamba ndi dothi, wafika pa mawu. Ndingofunsa, chatsala n'chiyani?"

Chotsalacho sichidachedwe. Damiano adaimba foni, mawu ake ali okondwa mwachilendo, n'kupempha zinthu ziwiri: theka lotsala la nyimbo, ndi dothi la pakhomo penipeni, pomwe mayi awo amaponda akamatuluka m'nyumba. Dothi la paphazi la munthu, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa ntchito yake.

"Iwe Damiano, ndidakubereka kumsana ine. Ndiuze zoona. Ukuchita nazo chiyani zinthuzi?"

Kudamveka kaseko kamanyazi, komwe iye adakamva ngati ka munthu wogwidwa.

"Mudzaona ndikamaliza, achemwali. Zinthu izi ukaziulula zisanathe zimawonongeka."

Sing'anga aliyense amatero. Magadalena adadula foni.

Sadauze munthu zomwe adaganiza, ngakhale a Levison. Tsiku la msika, atagulitsa kachewere wake pa Chimbiya, adawerama pomwe amaima maminibasi ngati wagwetsa kanthu, n'kuwola dothi la pamenepo, lopondedwa ndi aliyense. Ngati n'chizimba, adatero mumtima, chikagwire tayala la minibasi. Adalimanga m'kajumbo n'kumpatsa Zondiwe. Za nyimbo adamuuza Damiano kuti amayi ali ndi chifuwa, ndipo amayiwo adawauza kuti foni yawonongeka.

Bodza la kwa mayi ndilo lidali lolemera, chifukwa a Nambewe sadaiwale.

"Foni ija yachira? Nyimbo ya mwana wanga yapsa, ikundiyabwa pakhosi."

"Ikadali kwa okonza, amayi."

"Okonza a masiku ano. Nanga ndikuimbire iwe, uisunge m'mutu?"

"Mudzaimba foni ikabwera. Mutu wanga ndi wobooka."

Magadalena ankaopa kuti akaimva, mlongo wake adzamunyengerera mpaka aitulutse pafoni liwu ndi liwu. Choncho akamva mayi ake ayamba kuiyeserera chapansipansi kuseri kwa nyumba, ankanyamula ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale mitsuko ili yodzaza. Foni ankaisunga m'kathumba ka mkati mwa chitenje, atatseka kulira kwake. Zinkamuwawa, koma ankadziuza kuti mwana woteteza mayi ake sachita manyazi ndi bodza.

M'nyengo yozizira, nkhungu itakuta phiri, a Nambewe adagwa pakhomo pomwepo akutuluka ndi tsache. Kuchipatala adati ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a okalamba ambiri. Adabwerera kunyumba dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita. A Levison ulendo uno sadafunse kanthu, ndipo chete wawoyo adamveka mudzi wonse. Magadalena adalumikiza yekha: adatumiza theka la nyimbo, kwafa theka la thupi. Akadatumiza yonse bwenzi kuli maliro. Adalira, komanso pansi pa mtima adadzithokoza.

Damiano atamva adati akubwera. Magadalena adamutumiza Rute kwa azakhali ake ku Kasina, n'kumulamula kuti asabwere mpaka atamuitana.

Anthu ankayembekeza munthu wonenepa, wa galimoto yake. Pa lole ya Zondiwe padatsika munthu wowonda, manja ong'aluka ndi penti, chikwama kumsana, banjo ya m'sitolo m'dzanja limodzi, mpukutu wa chinsalu m'dzanja linalo. Izi sizidachotse chikayiko. Ena adati okhwima amaterodi, chuma chimayamba kudya mwini wake. Adasonkhana pakhomo ngati odzazonda matenda, maso ali pampukutu.

A Nambewe adawagoneka pamphasa pakhonde kuti awothe dzuwa. Damiano adagwada pamenepo n'kuwagwira dzanja lamoyo nthawi yaitali. Kenako adadzuka, n'kupempha Zondiwe kuti agwire mbali ina, n'kufunyulula chinsalu chija pamaso pa onse.

Idali nyumba yomweyi, isanafoleredwe malata. Makoma adali katondo, ofiira monga amakhalira mvula yoyamba ikawanyowetsa. Mdima wa m'khitchini udali mwaye. M'munsi mwa khoma mudali mizere ndi madontho oyera, ofanana ndi a m'mapanga aja. Pabwalo padaima mayi, musi uli m'mwamba, ndipo ngakhale nkhope sinkaoneka, aliyense adauzindikira msana umenewo. A Agnesi adasendera, n'kununkhiza chinsalucho, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndi dothi ili."

"Ndi dothi," adatero Damiano akuyang'ana pansi, ngati wopalamula mlandu. "Kumene kuja ndimapaka zoyera tsiku lonse, nyumba za eni. Lamulungu ndinkayesa kujambula phiri lawo ndi nyanja yawo ndi penti wa m'sitolo, koma zinkatuluka zakufa. Banjo nayo ndidaipachika, inkangolira za ena. Tsiku lina ndikukhuthula nyemba zomwe mudatumiza, achemwali, pansi pa thumba padatsala fumbi lofiira. Ndidalinyowetsa ndi malovu n'kupaka pakatoni. Fungo lake lidandikhazika pansi, ndidalira ngati mwana. Kuyambira pamenepo ndimasefa dothi n'kusakaniza ndi guluu wa matabwa, ndipo dzanja limayenda lokha. Zing'onozing'ono ndimagulitsa pamsika wa Loweruka. Malata aja adachokera m'menemo. Ichi chokha si chogulitsa."

"Nanga osanena bwanji, alamu?" adafunsa a Levison, ndipo aka kadali koyamba kufunsa funso alibe yankho lake m'thumba.

"Ndikadati chiyani? Kuti Nachiziro wapita mpaka ku Kepi kukazira?"

Ena adaseka, kuseka kwa anthu otula katundu. Magadalena sadaseke. Maso ake adali pakhomo la nyumba ya pachinsaluyo, pomwe padatsala malo opanda kanthu, nsalu yokhayokha. Damiano adaona komwe akuyang'ana.

"Dothi lomaliza lija lidakana," adatero motsitsa mawu, osamuyang'ana. "Linkanunkha dizilo."

Adawerama, n'kutapa dothi pang'ono pakhomo pomwe mayi ake adagwera, n'kulimanga m'kansalu. Amayi awiri adayang'anizana, chifukwa chikayiko sichifa tsiku limodzi.

Kenako adakhala pafupi ndi mayi ake, n'kuika foni yake pamphasa, n'kutenga banjo. Mufonimo mudayamba kulira belu la tchalitchi, kenako mvula pamalata, kenako kugunda kwa musi, ndipo pamwamba pa zonsezo padatuluka mawu a a Nambewe akuuza a kutsidya kuti Magadalena wakula. Banjo inkayenda pansi pa mawuwo pang'onopang'ono, ngati mwana wotsatira mayi ake kumunda. Diso la a Nambewe lidadzuka. Nyimbo idafika pothera mpweya paja, kudamveka kuseka kwawo, ndi mawu aja oti za Damiano mawa. Damiano adawasiyamo dala. Foni idakhala chete, koma iye sadasiye banjo. Ankabwereza malo omwewo, akudikira.

Milomo ya a Nambewe idayamba kugwedera. Mitsempha ya m'khosi idatupa. Dzanja lamoyo lija linkagunda mphasa motsatira musi. Koma chomwe chinkatuluka ndi mpweya wokha.

"Achemwali," adatero Damiano, zala zikadali pansambo, "inu mumakhala nawo tsiku ndi tsiku. Amati chiyani pamenepa?"

Magadalena adafufuza m'mutu mwake, n'kupezamo kulira kwa mjigo basi.

"Sindidaimve."

"Ngakhale liwu limodzi?"

Adapukusa mutu.

"Tepani tsono, mwina patuluka kanthu. Yangayi yatsala pang'ono kuzima."

Dzanja la Magadalena lidapita lokha mkati mwa chitenje asanaganize. Foni idatuluka yamoyo, yodzaza moto wa sola, n'kuyaka atangoikhudza. A Nambewe adasiya kugunda mphasa. Diso lawo lidakhala pafoniyo nthawi yaitali, kenako lidakwera pang'onopang'ono mpaka pankhope ya mwana wawo wamkazi. Mudalibe ukali m'disolo. Linkangofunsa, ndipo Magadalena akadakonda kuti amumenye.

A Nambewe adamwalira mvula itayamba, osabwezanso liwu. Damiano adamaliza chithunzi chija ndi dothi la pakhomo n'kuchisiya m'nyumbamo. Adabwerera ku Kepi, komwe akupentabe makoma oyera pakati pa sabata. Nyimbo ija amaiimba kumeneko momwe iliri, yodukira pakati, ndipo akafika pa dzina lake amasiya banjo iyende yokha. Za dothi la dizilo sadazitchulenso, ndipo akaimba foni amayamba ndi kufunsa za Rute.

Zomwe adatepa tsiku lija Magadalena sadafufute. Muli banjo, nkhuku ikulira chapatali, ndi mpweya wa mayi ake. Akakhala yekha kudimba amaika foni kukhutu n'kumvetsera mpweyawo, kuyesa kugwiramo mawu a nyimbo aja onena za mlongo wake.